Momwe madola oposa 300 miliyoni a Mike Tyson anathera

Pa 1 Ogasiti 2003 maloya a Mike Tyson, katswiri wa nkhonya wa ku America, anakapereka zikalata ku khoti loona za anthu ogwa pachuma ku Manhattan, mumzinda wa New York. Ngongole zomwe zinalembedwa koyamba zinali pafupifupi madola 23 miliyoni. Miyezi 14 yokha m'mbuyomo Tyson anali atamenyana ndi Lennox Lewis ku Memphis, pomwe analonjezedwa madola osachepera 17.5 miliyoni, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho cha 2003 anapata 5 miliyoni pogwetsa Clifford Etienne m'masekondi 49. Pa moyo wake wonse wa nkhonya kufika tsiku limenelo, malipiro ake amawerengedwa pakati pa madola 300 ndi 400 miliyoni.

Anthu akamasimba nkhaniyi amathamangira akambuku oweta, magalimoto ndi ndolo za golide. Zinthuzo zinalipodi ndipo tizitchula, koma ukaika manambala pamodzi umaona kuti ndalama zambiri zinachoka Tyson asanazigwire n'komwe, ndipo zotsalazo zinadyedwa ndi msonkho wosalipidwa pa nthawi yake komanso zaka zomwe sankamenya nkhonya chikhalirecho ndalama zikutuluka mwezi ndi mwezi.

Ndalama yolengezedwa si ndalama ya m'thumba

Nambala yomwe manyuzipepala amalemba kuti wankhonya walandira ndi ndalama yonse isanadulidwe. Pa ndalamayo pamakhala mzere wa anthu oyembekeza gawo lawo. Manijala amatenga gawo lomwe ku Nevada ndi madera ena ambiri a ku America lamulo limalola kufika pa limodzi mwa magawo atatu. Mphunzitsi mwachizolowezi amatenga 10 peresenti, ngakhale pa nkhonya za mamiliyoni ambiri amagwirizana ndalama yokhazikika. Wosamalira mabala pakona amalandira pafupifupi 2 peresenti kapena ndalama yogwirizana. Ngati pali lamba, bungwe lomwe ndi mwini lambayo, kaya WBC, WBA kapena IBF, limatenga pafupifupi 3 peresenti. Kenako pali ndalama za kumsasa wokonzekera: milungu isanu ndi itatu kapena khumi yolipira anzake oyeserera nawo, malo ogona, chakudya, alonda ndi maulendo. Wankhonya wa heavyweight, gulu la ankhonya olemera thupi kwambiri, amafunika oyeserera nawo angapo, popeza amavulala n'kumasinthidwa.

Pamapeto pa mzere pali boma. Wankhonya salembedwa ntchito ndi aliyense, choncho palibe womudulira msonkho pamwezi monga zimakhalira ndi PAYE kwa ogwira ntchito. Amalandira cheke chathunthu, ndipo ndi udindo wake kupatula gawo la msonkho n'kulipira kanayi pachaka ku IRS, bungwe lotolera msonkho la boma la America. Apa ndi pomwe ankhonya ambiri amagwera. Ndalama ya boma imakhala mu akaunti yawo kwa miyezi ingapo ikuoneka ngati yawo.

Pulomota ali ndi malo osiyana. Iye amakonza mpikisano, amagulitsa matikiti ndi ufulu woonetsa pa TV, amalipira ankhonya, n'kutenga phindu lotsala. Choncho wankhonya akalandira zochepa, pulomota amapindula zambiri. Manijala ndiye amayenera kulimbana ndi pulomota kuti wankhonya wake apate zochuluka. Anthu awiriwa akakhala amodzi, kapena manijala akamadya m'manja mwa pulomota, wankhonya amatsala wopanda womuimira pokambirana za mtengo.

1985 mpaka 1990

Tyson anabadwa pa 30 Juni 1966 ku Brooklyn. Analeredwa pa nkhonya ndi Cus D'Amato ku Catskill, ndipo anayamba nkhonya zolipidwa pa 6 Malichi 1985 ku Albany pomenyana ndi Hector Mercedes. D'Amato anamwalira mu Novembala chaka chomwecho. Za ndalama zinali m'manja mwa mamanijala awiri, Jim Jacobs ndi Bill Cayton, omwe ankatenga limodzi mwa magawo atatu. Njira yawo inali yomumenyetsa pafupipafupi, kotero kuti mu 1985 mokha anamenya nkhonya 15, ndi kutumiza matepi a momwe ankagwetsera anzake ku nyumba zoulutsira mawu ndi zithunzi. Pa 22 Novembala 1986 anagonjetsa Trevor Berbick mu raundi yachiwiri ku Las Vegas n'kutenga lamba wa WBC ali ndi zaka 20, wamng'ono kuposa onse omwe anakhalapo akatswiri a heavyweight. Malipiro ake tsiku limenelo anali pafupifupi madola 1.5 miliyoni. Pofika Ogasiti 1987 anali atasonkhanitsa malamba onse atatu atagonjetsa James Smith ndi Tony Tucker.

Nthawi imeneyi ndalama zinkachokera kuwiri. Kunali mgwirizano wa nkhonya zingapo ndi kampani ya TV ya HBO wa madola oposa 26 miliyoni, ndipo kunalinso makampani otsatsa malonda monga Pepsi ndi Nintendo. Ndalama yotsatsa malonda ndi yokoma kwa wankhonya chifukwa sifuna msasa, sivulaza, ndipo imabwera ngakhale m'miyezi yopuma. Tyson anaitaya msanga. Chipwirikiti cha mu 1988, cha banja lake ndi Robin Givens, ngozi za galimoto ndi ndewu za mumsewu, chinathawitsa makampani akuluakulu ndipo sanabwererenso kwa zaka zambiri.

Chaka chomwecho ndi chomwe chinamupatsa malipiro aakulu koposa onse a nthawiyo. Pa 27 Juni 1988 ku Atlantic City anagwetsa Michael Spinks m'masekondi 91 n'kupata pafupifupi madola 20 miliyoni, Spinks 13.5 miliyoni. Msonkho wapamwamba wa boma la America chaka chimenecho unali 28 peresenti yokha, ndipo pa zaka zonse zomwe Tyson anamenyapo nkhonya sunatsikepo kuposa pamenepa. Ikanakhala kuti pali nthawi yomwe akanaika chuma chokhalitsa pambali, inali imeneyi. M'malo mwake chinali chaka cha milandu. Jacobs anamwalira mu Malichi, Tyson anasumira Cayton, ndipo mu Julayi anagwirizana kuti gawo la Cayton litsike kufika pa 20 peresenti. Pa malipiro a 20 miliyoni, kusiyana kwa magawo awiriwa ndi pafupifupi madola 2.7 miliyoni, choncho pa pepala Tyson anapindula. Koma chaka chisanathe anali atachotsa mphunzitsi wake Kevin Rooney n'kulowa m'manja mwa pulomota Don King.

Kugonja kwake kwa Buster Douglas ku Tokyo pa 11 Febuluwale 1990 kuli ndi mtengo wake wowerengeka. Tyson analandira pafupifupi madola 6 miliyoni, Douglas 1.3 miliyoni. Nkhonyayo inkaonedwa ngati yongotenthetsa thupi poyembekeza Evander Holyfield. Douglas atatenga malamba, ndiye anakamenyana ndi Holyfield mu Okutobala 1990 n'kulandira pafupifupi madola 24 miliyoni.

Zaka zinayi zopanda kanthu, kenako 140 miliyoni

Nkhonya ya Tyson ndi Holyfield inakonzedwanso pa 8 Novembala 1991 koma inalephereka Tyson atavulala nthiti. Mu Febuluwale 1992 khoti la ku Indianapolis linamupeza wolakwa pa mlandu wogwiririra, mu Malichi linamulamula kukhala m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo anatuluka mu Malichi 1995 atakhalamo zaka zitatu. Kuchokera pa nkhonya yake yachiwiri ndi Donovan Ruddock mu Juni 1991 mpaka Ogasiti 1995 sanamenye nkhonya iliyonse. Zimenezi ndi zaka zake za 25 mpaka 29, msinkhu womwe wankhonya wa heavyweight amakhala pachimake pa mphamvu ndi pa mtengo. Maloya a mlandu ndi a apilo ankalipidwa, nyumba zinkasamalidwa, antchito ankalandira.

Atatuluka, King anali atakonza migwirizano iwiri: wina ndi Showtime wa za TV, wina ndi hotela ya MGM Grand ku Las Vegas. Ndalama tsopano zinkachokera ku pay-per-view, njira yomwe banja lililonse limalipira padera kuti lionere nkhonya imodzi kunyumba. Anthu anali ndi njala yomuona, ndipo mdani sanali wofunika kwenikweni. Pa 19 Ogasiti 1995 anamenyana ndi Peter McNeeley kwa masekondi 89 n'kulandira madola 25 miliyoni, mabanja oposa 1.5 miliyoni atagula. Mu Disembala anapata 10 miliyoni pa Buster Mathis Jr. Mu Malichi 1996 anatenga lamba wa WBC kwa Frank Bruno wa ku Britain pa malipiro a 30 miliyoni, mu Sepitembala lamba wa WBA kwa Bruce Seldon pa 15 miliyoni, kenako nkhonya ziwiri ndi Holyfield, ya Novembala 1996 ndi ya Juni 1997, iliyonse 30 miliyoni. Kuphatikiza zonse zisanu ndi imodzi ndi madola 140 miliyoni m'miyezi yosakwana 24.

Kuti nkhonya ya Seldon itheke, mbali ya Tyson inalipira Lennox Lewis madola 4 miliyoni kuti ayambe wapatuka, popeza iye ndiye anali ndi ufulu womenyana ndi mwini lamba wa WBC. Ndalama zoterezi sizioneka pa nambala ya malipiro koma zimatuluka mu mphika womwewo.

Kuwerengera nkhonya imodzi

Titenge nkhonya ya pa 28 Juni 1997, ija Tyson analuma khutu la Holyfield n'kuchotsedwa mu raundi yachitatu. Malinga ndi zomwe zinatuluka pa nthawi ya milandu ya mu 1998, King ankatenga 30 peresenti ya malipiro a Tyson, ndipo mamanijala awiri, John Horne ndi Rory Holloway, ankatenga 10 peresenti aliyense. Tikatsatira magawo amenewa, kuwerengera kwathu kukuyenda motere. Pa 30 miliyoni, King 9 miliyoni, mamanijala 6 miliyoni, kutsala 15 miliyoni. Msonkho wapamwamba wa boma kuyambira 1993 unali 39.6 peresenti, ndiye pa 15 miliyoni boma likufuna pafupifupi 5.9 miliyoni. Nevada ilibe msonkho wakewake pa malipiro a munthu, chomwe ndi chimodzi mwa zifukwa nkhonya zazikulu zimakonda Las Vegas, mzinda wa m'deralo. Kutsala pafupifupi 9 miliyoni. Bungwe loyang'anira masewero ku Nevada linamulipiritsa chindapusa cha madola 3 miliyoni, chomwe ndi 10 peresenti ya malipiro onse, osati ya gawo lake lokha, ndipo chindapusa cholipira ku boma sichichotsedwa powerengera msonkho. Kutsala 6 miliyoni, tisanachotse mphunzitsi, msasa ndi maloya omwe anakamuimira ku bungwelo.

Ndiye kuti pa dola iliyonse yolengezedwa usiku umenewo, Tyson anatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu. Pa nkhonya zopanda chindapusa anatsala ndi osapitirira magawo atatu mwa khumi. Tikayesa 140 miliyoni ija ndi muyeso womwewu, ndalama yomwe inali yakedi ndi pafupifupi madola 40 miliyoni. Ndi ndalama zambiri, koma munthu amene akumva pa wailesi kuti walandira 140 miliyoni sagula zinthu ngati munthu wa 40 miliyoni.

Chomwe chimadabwitsa odziwa za mabuku a ndalama pa magawowa ndi kuti pulomota ankatenga gawo pa malipiro a wankhonya, kuonjezera pa phindu la mpikisano. Theka la malipiro linkachoka Tyson asanaone cheke, pamene malire a manijala ku Nevada ndi limodzi mwa magawo atatu. Kale mu 1992, yemwe anali mkulu wowerengera ndalama ku kampani ya King analumbira m'zikalata za khoti kuti pa akaunti ya Tyson pankadulidwa ndalama zosamukhudza, kuphatikizapo malipiro a abale a King. King anakana. Mu Malichi 1998 Tyson anasumira King kufuna madola 100 miliyoni, nasiyananso ndi Horne ndi Holloway. Mlanduwo unatenga zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mu 2004 unatha pokambirana kunja kwa khoti, King atavomera kupereka madola 14 miliyoni popanda kuvomera kulakwa kulikonse. Ndalamayo inapita kwa omwe Tyson anali nawo ngongole.

Lamulo loletsa zoterezi linabwera mochedwa kwa iye. Mu 2000 dziko la America linakhazikitsa Muhammad Ali Boxing Reform Act, lomwe limaletsa pulomota kukhala ndi gawo pa ntchito ya umanijala wa wankhonya, limakakamiza pulomota kuulula kwa wankhonya ndalama zomwe akupata pa mpikisano, ndiponso limaika malire a miyezi 12 pa migwirizano yomwe wankhonya amaumirizidwa kusaina kuti apeze mwayi womenyera lamba.

Kudya chimanga chili m'munda

Laisensi ya Tyson inalandidwa mu Julayi 1997 n'kubwezedwa mu Okutobala 1998. Anabwerera pa 16 Januwale 1999 pomenyana ndi Francois Botha wa ku South Africa, ndipo Tyson anamugwetsa mu raundi yachisanu. Pakati pa nkhonya ziwirizi panadutsa miyezi yoposa 18. Ntchito yaikulu yomwe anaipeza m'katimo inali kuonekera pa masewero ogwetsana a WrestleMania mu Malichi 1998, pomwe analandira pafupifupi madola 3 miliyoni. Mwezi umodzi chabe pambuyo pa Botha anabwereranso m'ndende kwa miyezi ingapo chifukwa chomenya anthu awiri pa ngozi ya pamsewu ku Maryland.

Zikalata za khoti zinadzaonetsa kuti moyo wake unkafuna pafupifupi madola 400,000 pamwezi, kapena kuti 4.8 miliyoni pachaka. Pa muyeso umenewu miyezi 18 yopanda nkhonya imameza madola oposa 7 miliyoni. Ndalama zotere sizitsika wankhonya akaimitsidwa, chifukwa zambiri ndi zokhazikika: msonkho wa nyumba, inshuwalansi, alonda, osamalira minda ndi maiwe osambiramo, oyendetsa magalimoto, ndi gulu la anzake omwe ankadalira iye. Anali ndi nyumba zikuluzikulu ku Ohio, Las Vegas, Maryland ndi ku Farmington ku Connecticut, ndipo munthu amagona m'nyumba imodzi usiku umodzi.

Mpata umenewu unkatsekedwa ndi ndalama zotapiratu. Wankhonya amapita kwa pulomota kapena kampani ya TV n'kutenga ndalama pa malipiro a nkhonya yomwe sinachitike. Alimi amadziwa mapeto a kugulitsa chimanga chili m'munda. Tsiku lokolola likafika, mwini ngongole amayamba ndiye kutenga, ndipo msonkho umawerengedwabe pa malipiro onse. Choncho wankhonya amatuluka m'bwalo ali ndi ngongole yatsopano ya msonkho koma alibe ndalama yoilipirira, ndipo amakatapanso pa nkhonya yotsatira. IRS imaonjezera chilango cha theka la peresenti pamwezi pa msonkho wosalipidwa, mpaka 25 peresenti, kuphatikizanso chiwongola dzanja. Tyson ankatapa ku Showtime, ndipo zimenezi zinamumanganso manja posankha komwe angamenyere ndi pa mtengo wanji.

Mu 2000 anakamenya ku Britain kawiri: Julius Francis ku Manchester mu Januwale ndi Lou Savarese ku Glasgow mu Juni, yomwe inatha m'masekondi 38. Britain imadula msonkho pa ndalama zomwe wamasewero wakunja wapangira m'dzikomo, ndipo apa ndi pomwe panachokera ngongole yake ina. Nkhonya ya Lewis inayenera kuchitikira ku Las Vegas, koma Nevada inamukaniza laisensi atachita ndewu pa msonkhano wa atolankhani ku New York mu Januwale 2002. Inasamukira ku Memphis pa 8 Juni 2002, Lewis anamugwetsa mu raundi yachisanu ndi chitatu, ndipo pay-per-view inabweretsa madola pafupifupi 107 miliyoni kuchokera ku mabanja 1.95 miliyoni, ndalama yomwe inali mbiri yatsopano. Ngakhale malipiro amenewo sanatseke dzenje.

Zomwe zinali m'zikalata za 2003

Ngongole yaikulu koposa inali ya IRS, madola 13.4 miliyoni. Yotsatira inali ya msonkho wa ku Britain, pafupifupi 4 miliyoni. Ziwirizi pamodzi ndi 17.4 miliyoni, magawo atatu mwa anayi a 23 miliyoni ija. Zotsalazo zinali za maloya, alangizi a zachuma, mphunzitsi wakale, kampani ya magalimoto obwereka ndi ogulitsa zodzikongoletsera. Padera panalinso za chisudzulo cha mkazi wake wachiwiri, chomwe chinatha mu Januwale 2003. Mkaziyo anapatsidwa madola 6.5 miliyoni oti achokere pa malipiro a m'tsogolo, komanso nyumba ya ku Farmington, yomwe inagulitsidwa chaka chomwecho kwa woimba 50 Cent pa madola 4.1 miliyoni.

Zinthu zomwe anthu amakonda kutchula zinalimo. Panali unyolo wa golide wokhala ndi diamondi wa madola 173,706 wotengedwa pa ngongole ku Las Vegas miyezi yochepa asanapite kukhoti. Panali phwando la tsiku lobadwa la madola pafupifupi 410,000, mafoni ndi timakina tolandirira uthenga ta madola 230,000 pakati pa 1995 ndi 1997, ndi ngongole ya madola 8,100 yosamalirira akambuku a ku Bengal. Koma m'zaka zomwezo za 1995 mpaka 1997 maloya anadya madola 9 miliyoni. Phwando lija, lomwe dziko lonse limaliseka, silikwana ngakhale 5 peresenti ya ndalama ya maloya. Kuwononga kunalipo ndithu, ndipo magalimoto ndi zodzikongoletsera zimatsika mtengo tsiku lomwe wazigula, koma akambuku sanagwetse munthuyu.

Nyumbanso sizinamusungire chuma. Ya ku Southington ku Ohio inagulitsidwa mu 1999 pa madola 1.3 miliyoni, ndipo patapita zaka inasandutsidwa tchalitchi. Nyumba yaikulu yokonzedwa motsatira zokonda za munthu mmodzi imakhala ndi ogula ochepa, ndipo woigulitsa mofulumira chifukwa cha ngongole amalandira mtengo womwe wogula wanena.

Dongosolo lobwezera

Tyson anasankha gawo la lamulo lotchedwa Chapter 11. Pansi pa Chapter 7 katundu amagulitsidwa, ndalama n'kugawidwa kwa eni ngongole, nkhani n'kutha. Pansi pa Chapter 11 wangongole amapitiriza ntchito yake n'kumabweza motsatira dongosolo lovomerezedwa ndi khoti. Kwa iye njira yoyamba sikanathandiza kwenikweni, chifukwa msonkho wa zaka zaposachedwa ndi ndalama zothandizira ana ndi mkazi wosudzulidwa sizifafanizika pogwa pachuma. Katundu wake wamtengo wapatali anali manja ake ndi dzina lake.

Eni ngongole onse atabweretsa madandaulo awo, nambala inakwera kupitirira madola 30 miliyoni. Dongosolo la mu 2004 linadalira zinthu zitatu: 14 miliyoni ya King, kugulitsa nyumba zotsala, ndi nkhonya zisanu ndi ziwiri m'zaka pafupifupi zitatu. Cholakwika cha dongosololi chinali chowonekera kwa aliyense wodziwa nkhonya. Linaika ngongole yokhazikika pa thupi la munthu wa zaka 38 lomwe linali litamenya kale kwa zaka 19. Pa nkhonya yoyamba, pa 30 Julayi 2004 ku Louisville, anang'ambika mtsempha wa bondo ndipo Danny Williams wa ku Britain anamugwetsa mu raundi yachinayi. Pa yachiwiri, pa 11 Juni 2005 ku Washington, anakana kudzuka pampando raundi yachisanu ndi chimodzi itatha pomenyana ndi Kevin McBride wa ku Ireland. Malipiro anali pafupifupi 8 miliyoni pa yoyamba ndi 5 miliyoni pa yachiwiri, ndipo zambiri zinapita kwa eni ngongole. Iye mwini ananena usiku womwewo kuti ankangomenyera kulipira ngongole ndipo mtima wa nkhonya unali utamuthera. Anasiya atapambana 50, mwa izo 44 pogwetsa mdani, atagonja kasanu ndi kamodzi. Nkhonya zisanu za m'dongosolo lija sizinachitike.

Chuma chachiwiri

Ndalama zomwe Tyson wapeza kuchokera 2005 ndi za mtundu wina. Ulendo wa nkhonya zachionetsero womwe anauyamba mu 2006 ku Youngstown unathera pa chionetsero choyambacho. Chomwe chinasintha zinthu ndi kuonekera kwake mu filimu ya The Hangover mu 2009, komwe kunamubwezera kwa anthu ngati munthu woseketsa osati woopsa. Mu 2012 anayamba sewero la munthu mmodzi losimba moyo wake, ku Las Vegas kenako ku Broadway, dera la nyumba za masewero ku New York. Kunabwera pulogalamu yake yocheza ndi alendo pa intaneti, kusaina zithunzi ndi magolovesi pa mtengo, ndi kubwereketsa dzina ku malonda. Iliyonse mwa ntchitozi imalipira zochepa poyerekeza ndi usiku umodzi wa mu 1996, koma zimabwera chaka chilichonse, sizifuna laisensi ya Nevada, ndipo palibe wotenga theka.

Bizinesi yomwe imatchulidwa kwambiri ndi ya chamba chololedwa ndi lamulo m'madera ena a ku America. Kampani ya Tyson 2.0 inayamba mu 2021, ndipo mu 2022 inatulutsa maswiti achamba ooneka ngati khutu lolumidwa. Bizinesi imeneyi ndi yomwe inalumikiza dzina lake ndi Malawi. Dziko lino litaloleza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale mu 2020, nduna ya zaulimi ya nthawiyo, a Lobin Lowe, inalembera Tyson mu Novembala 2021 kumupempha kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Bungwe la Centre for Public Accountability linatsutsa, ponena za mlandu wake wa mu 1992. Mlandu womwewo womwe unamudyera zaka zinayi za malipiro unkachepetsabe mtengo wa dzina lake patapita zaka pafupifupi 30.

Anabwereranso m'bwalo kawiri. Pa 28 Novembala 2020 ku Los Angeles anachita nkhonya yachionetsero ndi Roy Jones Jr, maraundi asanu ndi atatu a mphindi ziwiri, ndipo mabanja oposa 1.6 miliyoni anagula. Pa 15 Novembala 2024, ali ndi zaka 58, anamenyana ndi Jake Paul ku bwalo la AT&T Stadium ku Arlington, Texas, pa Netflix, n'kugonja pa mapointi. Nkhonyayo inayenera kuchitika mu Julayi koma inasunthidwa Tyson atadwala zilonda za m'mimba. Malipiro ake ankanenedwa kuti ndi pafupifupi madola 20 miliyoni. Tikayerekeza kuti gulu lake linatenga 20 peresenti, kutsala 16 miliyoni. Texas ilibe msonkho wakewake pa malipiro, ndipo msonkho wapamwamba wa boma unali 37 peresenti, kapena pafupifupi 5.9 miliyoni. Kutsala 10 miliyoni. Mitengo ya zinthu ku America yakwera pafupifupi kawiri kuchokera 1997, choncho 10 miliyoni ya 2024 ili ndi mphamvu ya 5 miliyoni ya nthawi ya Holyfield. Ndi ndalama yoyandikira yomwe inamutsalira pa nkhonya ya 30 miliyoni ija ya khutu.

Nambala ya chuma chake lero

Chuma cha munthu ndi katundu wake yense kuchotsapo ngongole zonse. Masamba a pa intaneti olemba za chuma cha anthu otchuka ankaika Tyson pa madola pafupifupi 10 miliyoni nkhonya ya Paul isanachitike, ena n'kukweza pambuyo pake. Nambala zotere ndi zongoyerekeza, zomangidwa pa malipiro olengezedwa ndi mitengo ya nyumba, ndipo zimalephera pa zinthu ziwiri. Choyamba, zimatenga malipiro onse ngati ndalama ya m'thumba. Chachiwiri, gawo lina la chuma cha Tyson ndi magawo a m'makampani omwe sali pa msika wa masheya, ndipo mtengo wa gawo lotere umadziwika tsiku lomwe wina waligula. Kampani ikalengeza kuti yagulitsa katundu wa mamiliyoni, imeneyo ndi ndalama yolowa, isanachotsedwe ya alimi, mafakitale, masitolo ndi msonkho, ndipo mwini dzina amalandira kagawo ka zotsalazo. Pofika 2024 ku America chamba chinali chikadali choletsedwa ndi lamulo la boma lalikulu, ndiye makampani ochigulitsa sankaloledwa kuchotsa ndalama zambiri zoyendetsera bizinesi powerengera msonkho wawo, ndipo phindu linkachepa kuposa momwe malonda ankaonekera.

Mabuku a Tyson anatsegulidwa pagulu, iye atalumbira, m'khoti la ku Manhattan mu 2003 ndi 2004, ndipo pa nthawiyo ngongole zinkaposa katundu ndi mamiliyoni ambiri.